Mwendo Umodzi ku Kapata

Sindinagwe mumtengo, ayi.
Ndinangoterereka pakhonde la shopu
tsiku lija mvula inabwera cham'mbali,
dzanja n'kutsogola kukandilandira pansi.
Thyo!
ngati phesi la chimanga mu Okutobala.

Kuchipatala chachikulu cha Chipata
anakweza chithunzi changa poyera.
"Mayi, mafupa anu alowa chiswe," anatero a Shawa,
"kunja akuoneka nyumba,
m'kati ndi mphako zokhazokha."

Zaka makumi atatu ndi zisanu ndili pamakina,
kusoka mayunifomu a ku Chizongwe,
madiresi a maukwati omwe ena anatha kale,
mapazi okha akupalasa,
thupi lonse lili phee ngati thumba la nyemba.
Ndinkayesa kukhala pansi ndiko kusunga mafupa.
Kani fupa ndi waganyu:
ukaleka kulipatsa ntchito
limalongedza mwakachetechete, osatsazika.

Kenaka a Shawa anatulutsa foni.
Nkhalamba za ku Japani, imvi mbuu,
dzanja patebulo, phazi limodzi m'mwamba,
mphindi imodzi, katatu patsiku.
Ndinaseka mpaka chikhakha chinandikumbutsa.
Ine Tikambenji, nyakubala ana asanu ndi mmodzi,
ndiime ngati kakowa wa ku Lunkhwakwa?

Koma m'mamawa, msika usanayasamule,
ndimagwira m'mphepete mwa makina,
n'kukweza phazi lamanzere.
Pa khumi bondo limayamba kunena zake.
Pa makumi awiri chiuno chimapempha mpando.
Anyamata a njinga za hayala amaliza belu:
"Amama, mwalowa karate?"
Sindiyankha. Ndikayankha ndiiwala pomwe ndafika.

Loweruka ndimayenda cha ku Kanjala,
osati mpaka pamwamba, musandinamizire,
mpaka pamwala wina wosongoka
womwe ndautcha dzina la malemu amuna anga
chifukwa nawonso sunditamanda ndikafika.
Pobwera ndigula kapenta wa teni kwacha,
ndimutafuna ndi mitu yomwe,
mafupa ake ang'onoang'ono
akakhale njerwa m'mafupa anga.

Chiswe sichinasamuke, ndikudziwa.
Usiku dzanja limandiuza za mvula ya mawa.

Koma dzulo ndinafika makumi asanu ndi limodzi.
Nditatembenuka, ndinaona Zelipa wa matimati
kuseri kwa benchi lake,
atagwira mzati, chitenje atachikwinya,
phazi limodzi m'mwamba,
milomo ikuwerenga,
maso akundizemba.