Palibe Wamwalira

Lachinayi magetsi atabwera
ndinalowa kometera kwa Gelesomu, kuseri kwa msika wa Kapata,
kumene anyamata a njinga amametetsako ndevu.
Ndinavula wigi, ndinati: chotsa lonse.
Anazimitsa makina, nandiyang'ana pagalasi long'aluka:
"Amayi, kodi kunyumba kwagwanji?"

Zaka zisanu ndi zinayi ndinasenza tsitsi la eni,
la ku Down Shops, limene bambo a Zelesi ankasankha okha
ngati akusankha matayala a galimoto.
Mu Okutobala mutu unkapsa m'kati mwake,
ine n'kumangouomba ndi chikhato, osakanda,
kuopa kuwononga ndalama zawo.

Langa linagwa pang'onopang'ono,
lakuda, lina la imvi zomwe sindinkazidziwa.
Kenako chinatuluka chipsera pamwamba pa khutu,
chija ndinachitenga nditagwa mumtengo wa masuku ku Chadiza.
Mtsikana wokwera mitengo uja anali pomwepo,
akundidikira.

Makwacha makumi awiri ndinalipira ndekha,
omasula pamfundo ya chitenje changa.

Pamlatho wa Lunkhwakwa azimayi a tomato anatsitsa mawu:
"Pepani, maliro a ndani?"
Paja kwathu kuno mpala ndi kalata ya imfa.
Ndinati palibe wamwalira, anzanga,
ndangotula mtolo.

Apongozi anditumizira duku.
Ndalichapa, ndalisita,
tsopano likuphimba dengu la zitumbuwa zanga.

Madzulo mphepo yotsika kuphiri la Kanjala
imandisisita pamutu osapempha chilolezo kwa munthu,
ine n'kuimirira panjira, kuisiya imalize.