Kope la Chikuto Chofiira

Ndinaligula pa Mpondabwino
tsiku limene kalata ya koleji inafika.
Tsamba loyamba ndinalemba: Sigele, fizi, teremu yoyamba.
Pansi pake: mbuzi ziwiri,
yamawanga ija ndi mwana wake.

Masamba otsatira ndi a njinga.
Zaka ziwiri ndikupalasa kabaza
kuchoka ku Chinamwali kukafika kumsika waukulu:
amayi a madengu a tomato, ana asukulu ochedwa,
ndi bambo wina wamimba
amene ankasankha ndalama yong'ambika pondilipira.
Thukuta sindinalembe.
Ndinkalemba zotsala zokha
nditagula chubu ndi masipoko.

Yunifolomu yoyera. Nsapato zosalira mu wodi.
Kachipangizo komvera mtima kaja,
kamene unandiika pachifuwa n'kuseka:
"Achimwene, mtima wanu ukupalasabe
ngakhale mwakhala pansi."
Kameneko n'ka katapila wa a Nampuntha,
ndipo chiwongoladzanja chake sichidikira mvula kuti chimere.

Pepala unalandira. Tinaliika mu felemu,
galasi lake ndinalembanso, tsamba la khumi ndi chimodzi.
Kenako miyezi khumi ndi isanu ndi inayi
ukuyang'ana dzina lako pa mndandanda wa boma,
uku ukubaya jekeseni pa kachipatala ka munthu ku Matawale,
malipiro ake okwana sopo ndi mayunitsi.
Twaibu, amene anathawa sukulu ali Fomu 2,
amagulitsa mafoni pa depoti.
Wakhoma malata, wagula njinga yamoto,
ndipo akandipitirira pa mtunda amaliza hutala kawiri.
Sindidziwa ngati ndi moni.

Tsopano anakulemba. Uli ku Mayaka,
odwala zana limodzi dzuwa lisanapendeke,
onse amakutchula adokotala,
iwe n'kumawakonza mpaka unatopa.
Malipiro amafika mwezi utatha kale:
lendi, makala, mankhwala a shuga a mayi,
chopereka pa maliro a mnzako wa kuntchito.
Zotsala umanditumizira pa foni ndi mawu akuti pepani.
Ndawerengetsera kumapeto kwa kope:
tikamayenda chonchi,
mbuzi zija zidzabwerera m'khola
mwana wanga Saidi atamera ndevu.

Koma pali usiku wina wa mu Febuluwale.
Likangala atadzaza, magetsi atazima,
Saidi thupi ngati mbaula,
maso atatembenuka, manja akugwedezeka okha.
Anansi anati tim'fukize, ena anati n'zakumtundu.
Ndinakuimbira ndi mayunitsi omaliza.
Sunalire. Sunandifunse moni.
"M'gonekeni cham'mbali. Musamuike kanthu m'kamwa.
M'vuleni juzi. Mayi ake am'bereke, inu palasani.
Mukafika mukanene kuti wakomoka kawiri,
ayeze malungo ndi shuga, musakhale pa mzere."
Ndinapalasa mumdima, matope mpaka m'mawondo,
phiri lonse litabisala mu mtambo,
mawu ako ndikuwabwereza ngati pemphero
kuti ndisataye ngakhale limodzi panjira.
Namwino anandiyang'ana: "Wakuuzani zimenezi ndani?"
Ndinati, mlongo wanga.
Ndinanena mokweza kuposa mmene pafunikira.

Saidi lero akuthamangitsa nkhuku za eni ake.

Dzulo ndinatsegula kope kuti ndilembe usiku umenewo.
Kumanzere ndi zimene ndinapereka,
kumanja zimene zabwerera.
Cholembera ndinachigwira mpaka tiyi anazizira.
Ndiike zingati?
Mtengo wa bokosi laling'ono limene sindinagule?
Mtengo wa matabwa, misomali, nsalu yoyera?
Ndinachita manyazi ndi masamu anga,
ndinasiya tsambalo lopanda kanthu.

Usaganize kuti ndakhululuka zonse, Sigele.
Tayala lakumbuyo latha,
ndipo a Nampuntha abwera Lachisanu.
Ndikawaonetsa mwana akusewera pabwalo
adzati wakula bwino,
kenako adzatambasula dzanja.