Sitima Siibwera Lero

Ndinabwera kudzakhala masiku asanu ndi anayi.
Lero kalendala ya kwa wophika buledi
ikuti masabata khumi ndi imodzi,
ndipo nsapato zanga zaloweza zokha
makwerero opita kwa mayi Evdokia,
ngakhale lija losweka, la pafupi ndi mkuyu.

Alendo anachoka Seputembala asanathe.
Maambulera apindidwa, mipando yagona miyendo m'mwamba.
Amphaka a padoko, aja ankanenepa ndi mitu ya nsomba,
tsopano akulondola ine,
munthu wopanda kanthu m'thumba.

Pachitseko cha ofesi ya matikiti amatapo pepala.
Zilembo za Chigiriki zimandikola m'maso ngati mbedza,
ndiye ndimafunsa Stamatis,
amene amasoka ukonde ataukoka ndi chala chakuphazi.
Iye amangokweza nsidze, n'kuliza lilime kamodzi.
Kuno ameneyo ndiye ayi.
Mphepo yalusa. Sitima siibwera lero.

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi usiku.
M'mawa phiri lonse linanunkhira zitsamba,
nkhono zili yakaliyakali pamakoma a njereza,
mayi Evdokia akuzitolera m'ndowa,
akuseka mmene ndinakwinyira nkhope.

Novembala atalowa anakana ndalama yanga ya lendi.
Anandipatsa ndodo ndi magolovesi a mwana wawo,
Leonidas, woyendetsa makina padoko la ku Hamburg,
amene amaimba foni Lamlungu lokha.
Tinayala maukonde pansi pa mitengo ya azitona,
mitengo yopotoka ngati nsalu yofinyidwa,
n'kumakwapula nthambi mpaka dzuwa kupendeka,
zipatso zili waa, waa,
msana wanga ukunditukwana chamumtima.

Kumakina ofinyira, mafuta oyamba anatuluka obiriwira.
Anandidonthezera pabuledi wootcha, kamchere pamwamba.
Anandiluma pakhosi, ndinatsokomola mpaka misozi,
amuna onse m'manja phwa phwa phwa:
akatsokomoletsa mlendo ndiye kuti chaka chakoma.

Sukulu ya pano ili ndi ana anayi.
Wamng'ono, Garifalia, wandiphunzitsa kuwerenga mpaka makumi awiri
ndi liwu limodzi lotukwanira mbuzi.

Loweruka lina, kutchalitchi cha pamwamba pa thanthwe,
anakumbukira bambo a m'nyumbamo, malemu Zisis.
Tirigu wowiritsa, shuga mbee,
njere za makangaza zili psuu.
Anandigawira m'kathumba ka pepala,
ndipo ndinatafuna chikumbutso cha munthu amene sindinamuonepo.
Chinali chotsekemera.
Ankaimba moipa, anatero mkazi wake, koma sankasiya.

Ndiye kunabwera usiku uja magetsi anazima.
Nyanja ikumenya khoma la doko ngati wangongole pachitseko,
ndinamva mawu kuchokera kukhitchini:
Leonida, tsika ndi kandulo!
Ndinayankha.
Ndinatsika nayo, dzanja likutchinga lawi.
Tinayang'anana. Zii.
Iwo anayamba kupukuta tebulo loyera kale,
ine ndinayamba kusenda lalanje limene sindinkalifuna.
Sitinaikambe nkhaniyo, mpaka lero.

Mmawa uno nyanja ili phee.
Stamatis watsitsa chibwano pang'onopang'ono:
ameneyo ndiye inde.
Lipenga lalira kuseri kwa phiri,
mudzi wonse watsikira kudoko, ndi agalu omwe.
Akutsitsa matumba a simenti, mankhwala a kuchipatala,
firiji ya winawake, katoni ya anapiye olira.

Tikiti yanga yafewa m'thumba chifukwa choigwiragwira.
Chikwama chili apa, chikununkha mafuta ndi utsi.
Mayi Evdokia sakundiyang'ana,
akuwerenga chenji m'dzanja, kachiwiri, kachitatu.
Kumtunda kwatsala mitengo khumi ndi inayi, akutero,
ngati akuuza ndalamazo.

Mnyamata wa sitima wagwira kale chingwe.
Akundikwezera nsidze, akundifunsa.
Ndipo ine, amene ndinabwera ndi pakamwa podzaza mawu,
ndamva lilime langa likulira kamodzi.