Pansi pa Lilime

Musameze, amatero a NyaMsowoya.
Musalavule, musayankhule.
Kam'bulu kagone pansi pa lilime
mpaka kasungunuke kokha.

Ndiye ndimakhala duu pabenchi yozizira,
ine amene pakamwa panga pankapusitsa
ogulitsa mankhwala atatu tsiku limodzi:
ku Katoto ndinkati dzino,
ku Chibavi ndinkati mayi ali ndi khansa,
ku Luwinga ndinkangolira.

Kunja kukuwaza kamvula kathu kaja
kosadziwa kalendala.

Zinayamba ndi thabwa laliwisi.
Lole yochokera ku Chikangawa, tikutsitsa anthu anayi,
phazi linaterereka, msana unati thyo.
Adokotala analemba tramado wa masiku asanu.
Msana unapola mwezi wa Juni.
Ine ndinapitirira zaka zinayi.

Njinga inapita. Malata asanu ndi awiri anapita.
Makina osokera a Tiyezge
ndinawanyamula ndekha iye ali kumaliro,
ndipo atabwera ndinamuthandiza kutukwana akuba.

Ndinayesapo kusiya mwachamuna.
Tsiku lachiwiri linthumbu linalowa m'mafupa,
thukuta kamukamu pakati pa chisanu cha Julaye,
m'mimba mukupota ngati chingwe cha pachitsime.
Lachitatu ndinali pamzere ku Katoto, dzino likuwawanso.

Mlamu wanga Kajiso akuti ndangosintha golosale,
mankhwala pamwamba pa mankhwala.
Mwina. Komatu aka sikandikweza kumitambo.
Kamawawa ngati khungwa,
kamangouza galu wa m'mafupa kuti gona,
galuyo n'kugonadi,
ine n'kupeza mpata womva njala,
womva kuti nsapato yakumanzere ikulowa madzi,
woona kuti Ulunji watuluka mano atsopano
ine ndisakudziwa.

Dzana mwanayo anafunsa, adadi mudzasiya liti?
Funsolo ndinabwera nalo kuno.
A NyaMsowoya sanakweze mutu pakaundula:
Tidzatsitsa pang'onopang'ono, nthawi ikakwana.
Othamanga tawaona. Ena sitinawaonenso.

Makina aja sindinaulule.
Mawuwo nawonso ali pansi pa lilime,
koma iwo sasungunuka.
Ndasunga zikwi makumi atatu m'chitini cha utoto.

Mphindi khumi zatha.
Yasamulani, akutero.
Ndikweza lilime ngati mwana wasukulu.
Mulibe kanthu.
Alemba dzina langa, tsiku, nthawi.

Pachipata alonda akuwotha manja pambaula.
Ndikoka kolala, nditsika cha kumsika wa matabwa.
Lole yoyamba imafika isanakwane eyiti.