Musalembe Chikondi

Mu ofesi yanga ya mumsewu wa Corrientes,
m'Buenos Aires muno, Julayi akuluma ndi chisanu,
ndili ndi pepala la mafunso khumi ndi awiri.
Lomaliza limati:
Chakudzutsani n'chiyani lero m'mawa?
Pansi pake timabokosi tisanu:
njala, mantha, ndalama, chikondi, ulemu.
Chongani kamodzi kokha.

Ambiri sachedwa nalo.
Ana a sukulu amachonga mantha.
Amayi a makanda amachonga chikondi
kenaka n'kuyasamula.

Lachiwiri kudabwera bambo Evaristo Quiroga,
amene adayendetsa basi ya mumzinda zaka makumi atatu
mpaka dzanja lamanja lidapindika ngati likadagwirabe giya.
Ndidawamanga kachingwe koyezera mtima pachala.
Adawerenga funsolo, n'kuliwerenganso,
cholembera chili m'malere.

"Kabokosi kanga palibe apa, adokotala."
"Sankhani koyandikira."
"Ndimu," adatero. "Mtengo wa ndimu.
Ofelia adaubzala m'chitini cha penti,
pakhonde pathu, pamwamba pa nyumba yosanja.
Iye adapita m'Malichi chaka chatha. Mtengo udatsala.
Ndidaumana madzi milungu itatu kuti nawonso upite.
Udayoyola masamba, n'kuphukira ena.
Mwano wakewo!
Tsono ndimadzuka mbandakucha kukautukwana.
Ndimati, iwe wopanda manyazi,
waima bwanji mwini wako atagona?
Potukwanapo kukhosi kumauma,
ndimamwa madzi, otsala m'kapu ndimauthira.
Basi. Musalembe chikondi.
Ndati musalembe."

Pa kompyuta mzere wa mtima wawo unkadumpha,
phiri, chigwa, phiri,
ngati wa mnyamata wodikira bwenzi pa siteshoni.
Makina satha kusiyanitsa.
Mkwiyo ndi chikhumbo zimagogoda chitseko chimodzi,
ndi chibakera chimodzimodzi.
Izi ndaphunzitsa zaka khumi ndi zinayi,
choko m'manja, msana kwa ophunzira,
koma ndidali ndisanazione zitavala jekete yothothoka m'zigongono,
zikununkha fodya ndi khungu la ndimu.

Ndidalemba m'mphepete ndi pensulo: ndimu.
Wondithandiza adzati pepalali lawonongeka.

Madzulo m'sitima yapansi pa nthaka,
titathithikana ngati machesi,
funso langa lomwe lidanditembenukira.
Ndidafuna kuchonga ulemu. Dzanja lidakana.
Zoona zake n'zakuti mng'ono wanga Graciela
adandiuza pamaliro a bambo athu
kuti ndimawerenga mitima ya anthu ngati mita ya magetsi.
Zaka zisanu ndi chimodzi zadutsa
osapatsana ngakhale moni.
Koma m'mawa uliwonse, potsuka mano,
ndimamuyankha.
Ndimamuyankha mogwira mtima zedi.
Mkanganowo ndaupambana kuposa maulendo zikwi ziwiri,
thovu lili kukamwa,
pagalasi pali ine ndekha.

Ndidatsika siteshoni yanga isanakwane.
Kunja kunkawaza kamvula kozizira,
wogulitsa maluwa akukulunga zotsala m'nyuzipepala.
Foni m'thumba inkalemera ngati njerwa.
Nambala yake sindidaifafanize;
ndimati ndikaiyang'ana ndimakwiya bwino.

Ndidaimba.
Idalira kanayi.
"Ndani?" adafunsa, akudziwa.
"Ndine. Ndaimba kuti ndikuuze kuti udalakwa."
Zii.
Kenaka kupuma kwake komwe kuja,
kokokera m'mphuno ngati malemu amayi
akamasankha pakati pa kulira ndi kukalipa.

"Wadya?"
"Ayi."
"Chitsiru iwe. Bwera.
Tidzakanganire kuno."

Ndidadutsa msewu magetsi asanalole,
woyendetsa basi wina n'kundiimbira hutala,
n'kunditukwana pawindo ndi mtima wake wonse.
Ndidamukwezera dzanja.
Sindikudziwa kabokosi kamene ndikanachonga.