Dzanja pa Chikuto

Chikuto cha Baibulo lakwathu chinasuwa,
pakati pake pali posalala
ngati chishalo cha njinga yakale.
Pamenepo ndi pomwe a Kachigunda amaika dzanja
akamalumbira.

Woyamba anali Sinoya, mlaliki wa ku Kapiri,
mwini jekete imodzi chaka chonse.
Atamulowetsa mu khonsolo ya atsamunda
sanapemphe nsapato.
Anapempha mlatho pa Rusa,
poti mtsikana wa m'kalasi lake la ubatizo
anapita ndi madzi Lamulungu m'mawa,
nyimbo ili pakamwa.
Msonkhano uliwonse: mlatho.
Anamutcha Bambo Mlatho, namuseka.
Simenti inafika iye atagona kale kumasano,
ndipo pamwala wotsegulira pali dzina la wina.

Kenaka bambo anga, Filimoni,
mkulu wa mpingo Lamulungu,
phungu kuyambira Lolemba.
Khadi la chipani ankasungira m'buku lomweli
kuti asaiwale pomwe alekezera kuwerenga.
Chaka chomwe anyamata ankatentha nyumba
za anthu okana kugula khadi,
bambo anaima pansanja ku boma,
nawomba m'manja pamodzi ndi onse.
Ndinawaona ndi maso angawa.
Usiku womwewo anatsegula chigafa,
natulutsa banja la a Lufeyo pansi pa fodya,
asanu ndi awiri, khanda atalitseka pakamwa,
nawatengera pa pikapu osayatsa nyali
mpaka kutchire la kufupi ndi Mwami.
Zimenezonso ndinaziona.

Palibe anawaika pa mwambo.
Okha anasiya kudya mgonero
zaka zisanu ndi zinayi.
Mbale ikamadutsa ankapinda manja,
maso pa simenti,
abusa nkumayesa kuti ndi matenda a shuga.

Tsopano ndi Ezelina, mlongo wanga,
wa bulauzi yoyera ya Mvano.
Nkhope yake ili pa zitenje kuyambira Kamwendo mpaka Mkanda,
amayi amaikhalira pamaliro.
Pakhomo pake kumacha ndi mzere:
uyu bokosi, uyu feteleza,
uyu fizi ya mwana wa ku Ludzi,
ndi m'busa wa tchalitchi cha tenti
wonena kuti analota iye atakhala pampando,
dzanja lina lili chitambasulire.
Kutatsala sabata ziwiri kuti tivote
anapereka malata makumi anayi ku tchalitchi chathu.
Ndinamufunsa: chopereka kapena malonda?
Anati, achimwene, denga likudontha.
Ndinati, ladontha zaka zingati?
Sanandilankhule mpaka tsiku lowerenga mavoti.

Koma ndinamupezapo mbandakucha,
atagwada kuseri kwa nkhokwe,
wopanda chitenje cha chipani, wopanda womuona,
akutchula maina a omwe anawalonjeza mjigo
mmodzimmodzi, ngati ngongole.

Ine ndimakonza njinga pa Kamwendo.
Kutchalitchi ndimapita kukagwa maliro.
Komabe bukuli limakhala kwanga,
bambo anandisiyira ine, sindidziwa chifukwa,
kapena poti ndine ndekha wosafuna voti ya munthu.
Ndalitsegula usiku uno.
Mizere ya pensulo ya Sinoya ikuonekabe
pansi pa mawu onena za amasiye.
Pomwe pankakhala khadi patsala chidindo chachikasu,
masamba awiri anamatirirana pamenepo,
sindinayese kuwalekanitsa.

Mawa Ezelina akulumbira.
Watuma mwana kudzanena kuti ndibwere nalo,
sakufuna latsopano la ku ofesi.
Ndalikulunga mu jumbo, kunja kuli mitambo,
ndalimanga pa kaliyala ndi mphira.
Ndidzadutsa pa mlatho wa Rusa,
womwe wayamba kung'aluka kumbali.
Ndikafika ndidzalinyamula ndi manja awiri
kuti aike lake pamalo posalala paja,
ndipo ndidzamuuza chapansipansi
za mng'aluwo.