Kiyi Wothyokera M'loko

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndadula makiyi
pamsika wa Kapata, kuseri kwa ogulitsa kapenta,
ndipo palibe chitseko chomwe chinandikanapo kawiri.
Chifuwa cha Zelipa ndicho chinandikana.

Sanagwirepo ndudu mkazi ameneyu.
Anati ndi chifuwa chachikulu. Miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala,
kutsokomola kuli pomwepo,
chitenje chikuzungulira kawiri m'chiuno.
Ku Lusaka ndiko anatchula dzina: khansa ya m'mapapo.
Anatapa kanyama kochepa kuposa njere ya mawere,
kanakwera ndege kupita kumene ife sitinafikeko.

Dokotala Shawa, wamsinkhu wa mwana wathu Tiyezye,
anatembenuza pepala n'kujambula kumbuyo kwake.
Anati: m'maselo muli kachitseko, dzina lake kainezi,
kamatseguka thupi likafuna kukula, kenako n'kutsekeka.
Ka amayiwa kakana kutsekeka,
ndiye maselo akutuluka ngati inswa mvula itagwa.
Mbulu uwu, anatero, sutentha nkhokwe pofuna khoswe mmodzi.
Umalunjika pa loko yekhayo, kulowa, n'kukhala momwemo
kuti kiyi mwini wake asowe polowera.

Ndinaseka, koyamba m'miyezi isanu ndi itatu.
Ndinati: adokotala, imeneyo ndi ntchito yanga,
kiyi wothyokera m'loko.
Anthu amandilipira kuti ndimuchotse.
Inu mukuti ndilipire kuti akhalemo.

Ndinalipiradi.
Makina ake osokera anapita. Njinga inapita.
Ng'ombe ziwiri za amalume ake ku Mtenguleni.
Kabokosi kamabwera pa basi ya usiku.
Kondakitala amandiimbira akawoloka Luangwa,
amandiimbiranso pa Katete,
ine ndili kale pa siteshoni, manja m'khwapa,
kudikira mibulu makumi atatu
yosadzaza ndi chikhatho chomwe.

Umodzi m'mawa uliwonse, sikisi koloko.
Ziphuphu zinamera kumaso ngati mtsikana wa giredi naini,
khungu linang'ambika m'mbali mwa zikhadabo,
m'mimba munathamanga sabata zitatu.
Koma Loweruka lina ndinamva tsache pabwalo.
Sindinatuluke. Ndinagona chagada, kuwerenga:
kusesa khumi, osatsokomola,
makumi awiri, osatsokomola,
makumi atatu, kenako kukalipira nkhuku za aneba.
Mwezi wachitatu anakwera yekha mpaka pakati pa phiri la Kanjala
kukangoona ngati madenga a Mchini
adakali momwe anawasiyira.

Dokotala sanatinamize.
Anati tsiku lina matendawa adzasintha loko,
kwa ena patatha chaka, kwa ena zingapo,
ndipo tidzafuna kiyi wina, ngati alipo, ngati thumba lidzalola.
Apa sanafunikire kujambula.
Ndawaonapo eni nyumba akusintha maloko
wochita lendi ali kumaliro.

Lero mnyamata wonyamula anthu pa njinga
wabwera ndi loko wa pageti, kiyi atathyokera m'kati.
Ndagwira kapani, ndalunjikitsa,
dzanja lakana.
Ndamuuza kuti abwere mawa.
Wandiyang'ana ngati ndakalamba mwadzidzidzi.

Masana Zelipa wafika ndi chinangwa chootcha m'nyuzipepala,
akupuma monga apumira wina aliyense,
n'kuyamba kukangana ndi mayi wa kapenta
pa nkhani ya makwacha awiri.
Ndasiya tupa kuti ndimve bwino mkanganowo.

M'kabokosi mwatsala khumi ndi inayi.
Ndawerenga kawiri m'mawa, iye akusamba.
Nayenso amawerenga, ndikudziwa,
chifukwa kabokosiko sindikapeza
pamene ndinakasiya.